Mausi ya magemu: mmene nambala ya pa bokosi inakulila kuposa dzanja

Ambili a ife tikafuna kugula mausi yosewelela magemu, coyamba cimene timayang'ana ni nambala ya DPI yolembedwa pa bokosi. M'mashopu a ku Kamwala na mu Cairo Road, olo m'magulu ogulitsa zinthu a pa Facebook, mausi ya DPI 12,800 imakwela mtengo kuposa ya 3,200, ndipo wogulitsa amangoloza nambalayo monga yakamba kale zonse. Ndalama ya mausi yabwino siibwela mosavuta kwa mwana wa sukulu kapena kwa munthu amene wangoyamba kumene nchito. Conco funso lakuti nambalayi itanthauza ciani ni funso la m'thumba. Yankho lake lili m'mbili ya kacipangizo kameneka, imene yatenga zaka zoposa 60. Tikaitsatila bwino, tiona kumene nambalayi inacokela, nthawi imene inalidi yofunika, na nthawi imene inasanduka nyambo yokolela ogula.

Kabokosi ka thabwa

Mausi yoyamba inapangidwa mu 1964, caka cimene dziko lathu linalandila ufulu. Anaipangila ku Stanford Research Institute, ku Menlo Park m'cigawo ca California ku America. Maganizo ake anali a Douglas Engelbart, ndipo amene anaipanga na manja anali injiniya mnzawo, Bill English. Kanali kabokosi ka thabwa kokhala na batani limodzi pamwamba na tumawilo tuwili pansi. Kawilo kamodzi kanali kupima kuyenda kwa dzanja kumanzele na kumanja, kena kutsogolo na kumbuyo. Nthambo yake inali kuoneka monga mcila, ndiye cifukwa cake anaipatsa dzina la mbewa m'Cizungu. Kwathu kum'mawa mbewa ni ndiwo, koma iyi ya ku California nchito yake inali kusuntha kacizindikilo pa sikilini.

Pa 9 December 1968, a Engelbart anaonetsa mausi imeneyi ku San Francisco pamaso pa akatswili a makompyuta pafupi-fupi 1,000. Cikalata ca umwini wa luso limeneli cinatuluka mu 1970, koma cinali ca bungwe limene anali kugwilako nchito, ndipo iwo sanalandilepo ndalama pa mamausi mamiliyoni amene anagulitsidwa pambuyo pake.

Cinthu cimodzi ca m'kabokosi kaja sicinasinthe mpaka lelo. Mausi siidziwa pamene ili pa tebulo. Imangouza kompyuta kuti yasuntha motani kucokela pamene inali, ndipo m'mamausi onse amene anatsatila, uthenga umenewu umapita monga tumasitepe towelengeka. DPI ni ciwelengelo ca tumasitepe tumene mausi imatumiza ikayenda inchi imodzi, imene ni masentimita 2.54. Mausi ya DPI 400 ikayenda inchi imodzi imatumiza tumasitepe 400. Ya DPI 1,600 imatumiza 1,600 pa mtunda umodzimodziwo. Makampani ena, monga SteelSeries, amalemba CPI m'malo mwa DPI, koma akamba cinthu cimodzi. Nambalayi imatiuza cabe kuti inchi yagawidwa kangati. Siitiuza ngati mausi iwelenga molondola.

Nthawi ya kampila

Mawilo awili aja anali ovuta kukankha mopendekela, conco akatswili anafuna njila ina. Mu 1968 kampani ya Telefunken ku Germany inapanga mausi yokhala na mpila pansi, yochedwa Rollkugel. Bill English nayenso, atasamukila ku Xerox PARC, anapanga mausi ya kampila kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kompyuta ya Xerox Alto ya mu 1973 inali na mausi. Steve Jobs anaona zimenezi pamene anapita ku PARC mu 1979, ndipo kampani ya Apple inaika mausi pa Lisa mu 1983 na pa Macintosh mu 1984. Logitech, imene inayambila ku Switzerland mu 1981, inatulutsa mausi yake yoyamba mu 1982, ndipo Microsoft inatsatila mu 1983.

Kagwilidwe kake kanali kosavuta kumva. Kampila kacitsulo kokutidwa na labala kanali kuzungulitsa tumigudumu tuwili mkati. Kamgudumu kalikonse kanali na kawilo ka tumipata, ndipo kuwala kunali kudutsa m'tumipatato. Kuwala kukaduka na kuonekanso, mausi inali kuwelenga sitepe. Mamausi ambili a m'ma 1990 anali pakati pa DPI 200 na 400, ndipo zinali zokwana. Sikilini ya madontho 640 m'lifupi inali kufuna dzanja liyende masentimita 4 cabe pa DPI 400 kuti kamuvi kacoke mbali ina kufika mbali ina.

Iyi ndiye mausi imene Zambia inayamba nayo. Zamnet itabweletsa intaneti mu 1994 kucokela pa University of Zambia, ndipo ma kafe a intaneti atayamba kutseguka m'matauni, mausi imene inali pa matebulo inali ya kampila. Akulu athu amene anasewelako m'makafe amenewo akumbukila kutsegula kacivundikilo ka pansi na kupala litsilo pa tumigudumu na cikhadabo. M'makalasi a makompyuta, ana a sukulu anali kucotsa kampila n'kukaika m'thumba. Fumbi la mu October linali mdani wamkulu wa mausi imeneyi, cifukwa kampila kakadetsedwa kanali kutelela, ndipo tumasitepe twina tunali kusowa.

Palinso mfundo imene ikali kugwila nchito pa magemu athu. Mu 1954 katswili wa maganizo a anthu, Paul Fitts, anaonetsa kuti nthawi imene dzanja limatenga kuti lifike pa cinthu imadalila kutalika kwa mtunda na kukula kwa cinthuco. Cinthu cacing'ono cili patali cimatenga nthawi yaitali kuposa cacikulu cili pafupi. Mu 1978 Stuart Card na anzake ku Xerox PARC anapeza kuti kuloza na mausi kumatsatila lamulo limeneli, ndipo liwilo lake linali pafupi na la dzanja lenileni. Kutanthauza kuti ngakhale pa mausi ya m'ma 1970, malile aakulu anali kale m'dzanja la munthu.

Pamene magemu analowelela

Kwa zaka zambili mausi inali ya mu ofesi. Gemu ya Doom itatuluka mu 1993, anthu ambili anali kuisewela na kiyibodi cabe, cifukwa munalibe kuyang'ana kumwamba na pansi. Quake ya mu 1996, yocokela ku kampani imodzimodzi ya id Software, inasintha zinthu. Mdani anali kubwelela kumwamba, pansi, na kumbuyo, ndipo amene anali kutembenuka na mausi anali kugonjetsa a kiyibodi mosavuta. Mu 1997, pa mpikisano wa Red Annihilation ku Atlanta, mnyamata wina dzina lake Dennis Fong, wodziwika kuti Thresh, anapambana motoka ya Ferrari 328 ya John Carmack, mmodzi wa opanga Quake. Anali kuyenda na mabatani a W, A, S na D ku dzanja lamanzele na kuloza na mausi ku dzanja lamanja. Kakhalidwe ka manja kameneka ndiye kamene tonse timagwilitsila nchito lelo.

M'gemu yowombelana, tumasitepe twa mausi situsuntha kamuvi. Tumatembenuza maso a munthu wa m'gemu. Mu Quake, sitepe imodzi inali madigili 0.022 kuculukitsa na nambala ya sensitivity imene wosewela wasankha. Half-Life inatengela nambala imeneyi, ndipo Counter-Strike, imene Minh Le na Jess Cliffe anaipanga mu 1999 pa maziko a Half-Life, inaitengelanso. Mpaka pano Counter-Strike 2 ya mu 2023 ikali na 0.022 yemweyo.

Apa m'pamene DPI inayamba kukhala nkhani. Wosewela wa mausi ya DPI yocepa amene anali kufuna kutembenuka mwamsanga anali kukweza sensitivity ya m'gemu. Akatelo, sitepe iliyonse inali kukula, ndipo cizindikilo colozela cinali kudumpha m'malo moyenda mosalala. Mu 1999 kampani ya Kärna inatulutsa Razer Boomslang, imene ambili amaiona monga mausi yoyamba yopangidwila magemu. Inali ya kampila, koma inafika pa DPI 2,000. Dzina lake ni la njoka ya m'mitengo imene ipezeka kuno kum'mwela kwa Africa, ku Zambia komwe, ndipo Razer inapitiliza kupatsa mamausi ake maina a njoka: Diamondback, Copperhead, DeathAdder, Mamba, Viper. Pa nthawiyo kucoka pa 400 kufika pa 2,000 kunali kusintha kwenikweni, cifukwa tumasitepe tunacepa kasanu. Koma Boomslang inaphunzitsanso ogulitsa cinthu cina, cakuti nambala yaikulu pa bokosi imagulitsa katundu.

Kamela m'malo mwa kampila

Mamausi a kuwala analipo kucokela kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, opangidwa na Steve Kirsch komanso Richard Lyon, koma anali kufuna padi yapadela yokhala na mizele kapena madontho. Kusintha kwakukulu kunabwela mu 1999, caka cimodzi na Boomslang, pamene Microsoft inatulutsa IntelliMouse Explorer. Pansi pake panali kanyali kofiila na kakamela kakang'ono, luso limene linacokela ku Hewlett-Packard na kampani yake ya Agilent. Kakamelako kanali kujambula tebulo nthawi 1,500 pa sekondi iliyonse. Kacipangizo ka mkati kanali kuyelekezela cithunzi catsopano na cam'mbuyo, n'kuona kuti tumizele twa thabwa kapena ulusi wa nsalu wasuntha motani. Zithunzi zake ni zazing'ono ngako. Masensa ena akale anali kujambula madontho 18 kwa 18 cabe. Masensa a lelo amagwila nchito mofanana, kungoti amajambula zithunzi masauzande ambili pa sekondi.

Cocititsa cidwi n'cakuti pa zaka zimene Counter-Strike 1.6 inali pamwamba, akatswili ambili sanathamangile DPI 2,000. Anali kusewela na IntelliMouse Explorer 3.0 kapena Wheel Mouse Optical, mamausi a Microsoft a DPI 400, ena mwa iwo opangidwila mu ofesi. Anawakonda cifukwa sensa yake inali yokhulupilika. Dzanja likayenda masentimita 10, gemu inali kutembenuka mofanana lelo na mawa. Mipikisano yaikulu ya padziko inapambanidwa na DPI 400, ndipo cizolowezi cimeneco n'cimene capangitsa kuti akatswili ena akali pa 400 mpaka lelo.

Mpikisano wa manambala

Kuyambila mu 2004 manambala anayamba kukwela caka na caka. Logitech inatulutsa MX1000 mu 2004, mausi yogwilitsila nchito laser m'malo mwa kanyali wamba. Mu 2005 inatulutsa MX518 ya DPI 1,600 na G5 ya laser ya DPI 2,000. Pofika 2009 Razer Mamba inali pa 5,600. Mu 2012 mamausi a 8,200 anafika m'mashopu. Logitech G502 ya mu 2014 inafika pa 12,000, sensa ya HERO inakwezedwa kufika pa 25,600 mu 2020, ndipo mu 2022 Razer inalengeza 30,000.

Tiyeni tiike manambala amenewa pa tebulo. Sikilini imene ambili tili nayo ni ya madontho 1,920 m'lifupi. Pa DPI 800, kamuvi kamadutsa sikilini yonse dzanja likayenda masentimita 6. Pa DPI 25,600, kamadutsa sikilini yonseyo dzanja likayenda mamilimita osakwana 2. Kungopuma mpweya kapena kudina batani kungataye kamuvi kutali. Palibe munthu amene angalamulile dzanja lake pa mlingo umenewo.

Kuonjezela apo, manambala aakulu anabwela na mavuto awo. Kakamela sikanakule mogwilizana na nambala. Kuti DPI ikwele, kacipangizo ka mkati kamagawa dontho limodzi la cithunzi m'tuzigawo tambili mwa masamu. Kugawa kukapitilila, sensa imayamba kuwelenga kuyenda kumene kulibe, ndipo kamuvi kamanjenjemela. Pofuna kubisa kunjenjemelako, opanga ena anali kuphatikiza zithunzi zingapo asanatumize uthenga, ndipo zimenezi zinali kucedwetsa mausi pang'ono. Masensa ambili a laser analinso na vuto lina, makamaka pa padi ya nsalu: dzanja likayenda mofulumila, mtunda umodzimodzi unali kupeleka ciwelengelo cosiyana na pamene layenda pang'onopang'ono. Kwa wolemba kalata mu ofesi palibe kanthu. Kwa wosewela amene waphunzitsa dzanja lake kuti kutembenukila kumbuyo ni mtunda wakuti, ni monga kuthila pa sikelo imene isintha-sintha. N'cifukwa cake osewela ambili anapitiliza kufuna MX518 yakale, cakuti Logitech inaitulutsanso mu 2019 na sensa yatsopano.

Cimene sensitivity imacita ku dzanja

Cimene timamva posewela ni DPI kuculukitsa na sensitivity ya m'gemu. Osewela amaicha eDPI. DPI 400 pa sensitivity 2.0 ipeleka 800. DPI 800 pa 1.0 ipelekanso 800, cimodzimodzi DPI 1,600 pa 0.5. Onse atatu amatembenuka pa liwilo limodzi. Conco kufunsa mnzathu kuti "DPI yako ni zingati" popanda kufunsa sensitivity ni kufunsa hafu ya funso.

Njila yabwino yoyelekezela ni kupima masentimita amene dzanja liyenda kuti munthu wa m'gemu azungulile kamodzi, madigili 360. Mu Counter-Strike, eDPI 800 itanthauza madigili 17.6 pa inchi iliyonse, ndipo kuzungulila kamodzi kumatenga masentimita pafupi-fupi 52. Munthu amene wagula mausi yatsopano, waisiya pa DPI 1,600, ndipo sensitivity ili pa 2.5, ali pa eDPI 4,000. Iye amazungulila pa masentimita 10 cabe.

Manje tiganizile mutu wa mdani amene ali patali, umene utenga digili imodzi ya maso athu. Pa masentimita 52, digili imodziyo ni milimita imodzi na hafu ya kuyenda kwa dzanja. Pa masentimita 10, ni gawo locepela pa limodzi mwa magawo atatu a milimita. Apa lamulo la Fitts likubwelanso. Sensitivity ikakwela, mtunda wopita kwa mdani umafupika, koma mdaniyo amacepanso pansi pa dzanja. Timafika msanga n'kupitilila, kubwelela, n'kupitililanso. Sensitivity ikatsika, mdani amakula pansi pa dzanja, koma mtunda umatalika, ndipo timafunika kuyendetsa mkono wonse pa padi yaikulu. Ndiye cifukwa cake m'magemu monga Counter-Strike na Valorant, mmene cipolopolo coyamba cimagamula nkhani, akatswili ambili sakhala kutali na eDPI 800 ya Counter-Strike. M'magemu othamanga, mmene mdani amazungulila na kudumpha mbali zonse, ambili amakweza pang'ono. Manambala a gemu ina sagwila nchito mu gemu ina. Valorant, imene inatuluka mu 2020, imagwilitsila nchito madigili 0.07 pa sitepe, conco sensitivity ya Counter-Strike tiyenela kuigawa na 3.18 kuti dzanja limve cimodzimodzi.

Kodi DPI yokwela ilibe phindu lililonse? Lilipo, koma limatha msanga. Pa DPI 400 na sensitivity 2.0, sitepe imodzi ni madigili 0.044. Pa DPI 1,600 na 0.5, sitepe ni madigili 0.011. Liwilo ni limodzi, koma tumasitepe twacepa kanayi, ndipo kuyenda kumasalala. Kupitilila pamenepo, tumasitepe tumakhala tocepa kale kuposa zimene diso na dzanja zingasiyanitse. Phindu limene Boomslang inabweletsa mu 1999 linali lenileni, koma linakwanilitsidwa kale pakati pa 800 na 1,600.

Palinso za mu Windows. Kucokela pa Windows XP ya mu 2001 pali kabokosi kolembedwa kuti Enhance pointer precision. Kakacongedwa, kamuvi kamapita patali dzanja likafulumila, ndipo kamapita pafupi likacedwa. Magemu ambili atsopano amatenga uthenga mwacindunji ku mausi, koma akale amadutsila mu Windows. Kucotsa congi pa kabokosiko na kusiya kotsetseleka ka liwilo pakati, pa malo a 6 mwa 11, sikulipilitsa ngwee iliyonse.

Zimene zinasinthadi masewela

Pamene manambala a DPI anali kukwela pa mabokosi, kupita patsogolo kwenikweni kunali kucitika kwina. Coyamba ni liwilo limene sensa ingapilile. Wosewela wa sensitivity yotsika amakoka mkono mwamphamvu, ndipo sensa yocipa ikalephela kutsatila, munthu wa m'gemu amangoyang'ana kumwamba kapena pansi mwadzidzidzi. Pa mabokosi liwilo limeneli limalembedwa kuti IPS, kutanthauza mainchi pa sekondi. IPS 400 ni pafupi-fupi mamita 10 pa sekondi, liwilo limene mkono sungafike. Bizinesi ya masensa inacoka ku Agilent kupita ku Avago, ndipo pambuyo pake kampani ya PixArt ya ku Taiwan ndiyo inakhala patsogolo. Sensa yake ya PMW3360 itafalikila ca m'ma 2016, makampani ambili, aakulu na aang'ono omwe, anayamba kupanga mamausi owelenga molondola pa liwilo lililonse. Kucokela nthawi imeneyo, sensa yabwino inaleka kukhala ya olemela okha.

Caciwili ni kuculuka kwa nthawi zimene mausi imakamba na kompyuta. Mausi wamba ya USB imatumiza uthenga nthawi 125 pa sekondi, kapena kamodzi pa mamilisekondi 8 alionse. Osewela a m'ma 2000 anali kusintha mafaelo a Windows kuti akweze nambalayi, mpaka opanga mamausi anafika pa 1,000, kamodzi pa milisekondi iliyonse. Kusiyana kwa 125 na 1,000 kumamveka m'dzanja. Mu 2021 Razer inatulutsa Viper 8KHz yotumiza nthawi 8,000. Koma kucoka pa 1,000 kufika pa 8,000 kumapulumutsa nthawi yosakwana milisekondi imodzi, ndipo kumalemetsa kompyuta. Sikilini ya 60Hz, imene ili pa malaputopu ambili, imasintha cithunzi kamodzi pa mamilisekondi 16.7. Tikasewela Counter-Strike pa intaneti kuno, uthenga umapita ku maseva a ku Johannesburg na kubwela, ulendo wa mamilisekondi makumi angapo. Pa kompyuta yotele, milisekondi imodzi ija imamila.

Cacitatu ni kulemela. Mu 2005 G5 inali kubwela na tuzitsulo toonjezela mkati, cifukwa anthu anali kuganiza kuti cinthu colemela ndiye colimba. G502 yoyamba inali yoposa magalamu 120. Pambuyo pake zinatembenuka. Logitech G Pro Wireless ya mu 2018 inali magalamu 80 ndipo inalibe nthambo. Glorious Model O ya mu 2019, yokhala na tumabowo monga cisa ca njuci, inali magalamu 67. G Pro X Superlight ya mu 2020 inatsika pansi pa 63. Cifukwa cake n'cogwilizana na sensitivity. Munthu amene ayendetsa mkono masentimita 50, kunyamula mausi na kuibweza pakati kambili-mbili pa ola, amatopa msanga na mausi yolemela, ndipo kuimitsa cinthu colemela pa malo enieni n'kovuta. Mamausi opanda nthambo a magemu, amene amabwela na kacipangizo kawo ka USB, anafika pa liwilo la a nthambo m'zaka zimenezi. A Bluetooth akali ocedwa pa magemu owombelana.

Tikapita kukagula

Mbili imeneyi itipatsa mafunso abwino ofunsa wogulitsa. Tifunse dzina la sensa. Kampani imene yaika sensa yabwino imailemba poyela, kaya ni ya PixArt, HERO, Focus kapena TrueMove. Bokosi limene lili na DPI yaikulu, nyali za mitundu-mitundu na cithunzi ca cinjoka, koma losachula sensa, IPS, kapena nthawi zimene mausi imatumiza uthenga, nthawi zambili mkati mwake muli sensa ya mu ofesi imene nambala yake yangoculukitsidwa. Mausi ya dzina lodziwika imene igulitsidwa pa mtengo wotsika modabwitsa ingakhale yacinyengo. Njila yoidziwila ni kuilumikiza ku pulogilamu ya kampaniyo, monga G HUB ya Logitech kapena Synapse ya Razer, na kuona ngati iizindikila.

Tingaiyesenso tisanalipile, kapena tsiku loyamba. Tikailowetsa m'gemu n'kukoka mkono mofulumila kucoka kumapeto kwa padi kufika kumapeto ena, maso a munthu wa m'gemu asathawile kumwamba. Tikaika buku m'mbali mwa mausi, n'kuloza cinthu cimodzi, n'kuyendetsa mausi mofulumila kucoka pa bukulo na kuibweza pang'onopang'ono mpaka igunde bukulo, cizindikilo ciyenela kubwelela pafupi na pamene cinayambila. Tikajambula mzele wopendekela pang'ono mu Paint ndipo mausi iuwongola yokha, ndiye kuti iganizila m'malo mwathu. Tikainyamula mamilimita awili kapena atatu, iyenela kuleka kuwelenga.

Pambuyo pa sensa, cotsala ni dzanja. Ena timagoneka cikhatho conse pa mausi, ena timapinda zala monga zikhadabo za mphaka, ena timagwila na nsonga za zala cabe. Mausi yaikulu ya msana wautali iyenelela cikhatho, yaing'ono iyenelela zala. Palibe nambala pa bokosi imene ingatiuze zimenezi, conco tiigwile. Ngati ndalama ni zocepa, ni bwino kugula mausi ya nthambo ya mtengo wapakati na padi yansalu ya masentimita 45 m'lifupi, kusiyana na kuthela zonse pa mausi yodula imene idzayenda pa kacikuto ka buku. Padi yaing'ono imatikakamiza kukweza sensitivity na kusewela na polumikizila dzanja pokha, ndipo maola ambili otelo amasiya kuwawa kumene kumatsatila munthu mpaka ku kalasi na ku nchito.

Tikafika nayo ku nyumba, tiike DPI pa 800 kapena 1,600, tisankhe sensitivity imene itipatsa masentimita pakati pa 30 na 50 pa kuzungulila kamodzi, tipime na lula, ndipo tiisiye pamenepo kwa milungu ingapo. Ngati tipitilila mdani kawili-kawili, titsitse pang'ono. Ngati padi ikutha tisanatembenukile kumbuyo, tikweze pang'ono. Kusintha manambala tsiku lililonse cifukwa taluza gemu imodzi kumalepheletsa dzanja kuphunzila mtunda. Akatswili a Counter-Strike 1.6 anapambana na DPI 400 cifukwa mausi yawo inali kupeleka yankho limodzi tsiku na tsiku, ndipo anaisewelela maola osawelengeka. Mausi yopeleka yankho limodzi lelo ipezeka pa mtengo umene wacinyamata angasungile ndalama. Maola aja ndiye sagulitsidwa ku Kamwala.